Khutu Lomwe Lidatsala M'chigayo

Ndidaganiza zopita ku Joni chaka chomwe ukonde wanga udatheratu, mkazi wanga Asiyatu ali woyembekezera. Kuno ku Lungwena munthu wopanda ukonde amapalasa bwato la mnzake mpaka imvi. Ndidapisa khadi la chipani m'thumba, n'kukakwera basi ku Mangochi.

Anzanga omwe ndidapita nawo adalowa mumgodi, ine ndidagwera ku fakitale yopanga asidi wa feteleza. Ntchito yanga idali kugaya ufa wofiirira ngati dzimbiri, womwe ankauika m'matanki kuti mpweya usanduke asidi msanga, ufawo osatha ayi. Chigayo chake chidali mgolo waukulu wodzaza mipira yachitsulo, wogubuduzika tsiku lonse.

Adandiphunzitsa ndi a Jafali, mkulu wa ku Nkhudzi amene adakalambira komweko.

"Ufawu ukakhala wamisere ndi waulesi!" ankakuwa choncho. "Ukaugaya bwino timibulu timasweka, mpweya umapeza pogwira pambiri. Koma ukapyoza muyeso umatentha, umamatana, wafa basi. Wotchi isiyire azungu, iwe gwiritsa khutu."

Ndiye ndinkagunditsa khutu lamanja pachitsulo cha chigayocho. Mipira ikasiya kulira kuti ngwe ngwe n'kuyamba phu phu, ndinkazimitsa. Ufa wanga sunkabwezedwa, ndipo ndinkanyada nazo kwabasi. Zoti a Jafali amakuwiranji ngakhale pakudya, sindidadzifunse.

Kusungulumwa kudalipo, sindibisa. Kalata ya Asiyatu, yomwe adamulembera aphunzitsi, idati mwana ndi wamkazi, dzina lake Mariamu. Ndinkaiwerenga Lamulungu lililonse mpaka idang'ambika mopinda. Ndalama ndinkatumiza, koma ndinkalakalaka kumva mawu a mwanayo, ndipo amenewo positi siinyamula.

Ndidabwerera patatha zaka zisanu, ukonde watsopano paphewa. Sabata isanathe mbiri idawanda kuti ndabwera ndi matama a ku Joni. Ati ashehe adandipatsa salamu panjira, ine osayankha. Apongozi adandilonjera, ine duu. Koma chidandiwawa zedi n'chakuti Mariamu adayamba kundithawa.

Asiyatu adandiuza mosapsatira: "Mwanayu wakuitanani katatu kuti ababa, inu osacheuka n'komwe. Akuti simumufuna."

Pamenepo ndidaulula zomwe ndinkadzibisira ngakhale ine mwini: khutu lamanja lidafera pachigayo chija. Ndinkaopa kuti anthu andiseka, poti munthu wochokera ku Joni amayenera kubwera ndi zambiri, osati zoperewera. Koma anthu atamva, palibe amene adaseka. Apongozi adangonyamula mkeka wawo n'kukauyala kumanzere kwanga.

Tsiku lotsatira ndikumanga miyala kuukonde, ndidaona Mariamu ataima kumanja kwanga, milomo ikuyenda ngati akulankhula. Ine osamva kanthu. Adandiyang'anitsitsa, adazungulira kumbuyo kwanga, n'kudzagwira phewa lamanzere.

"Ababa, mukundimva tsopano?"

Ndidaika ukonde pansi. "Ndikukumva, mama. Bwereza."