Botolo lopindika khosi

Atate anabwera kuchokera ku Joni ndili Sitandade 3, nkhondo ya azungu ili mkati. Anatsika lole ku Fort Jameson, ndipo ulendo wa kwathu ku Kasenengwa, umene amuna anzawo ankayenda tsiku limodzi, iwo anayenda masiku awiri chifukwa cha chifuwa. Anachoka ine ndili kumsana kwa amayi, choncho ndinkawaopa ngati mlendo. Powapatsa madzi ndinkagwada patali n'kutambasula mkono mpaka kupweteka.

M'sutikesi mwawo munali bulangete, nsalu ya amayi, ndi botolo lobiriwira lokulungidwa m'malaya. Khosi lake linali lopindika pang'ono, ndipo cham'mwamba munali kathovu kotsekeredwa m'galasi. Azakhali, alongo awo a atate, ataliona anaomba m'manja.

"Zaka khumi, achimwene, n'kutibweretsera botolo lopanda kanthu? Ngakhale kadontho ka palafini?"

"Limeneli ndinalinyamula ndekha likadali moto," anatero atate. "Inu munanyamulapo moto, alongo?"

"Tsiku ndi tsiku, paphale. Koma sindinakwerere sitima."

Atate anaseka mpaka kutsokomola, amayi n'kuwagwira kumsana.

Ndinali ndi kope lakale la masamu limene masamba ake akumapeto ndinkalembamo zochitika za tsiku. Tsiku lina atate anandipeza nalo kuseri kwa nkhokwe. Ndinafuna kulikhalira, koma iwo anakhala pansi pambali panga. Ankanditcha mayi, chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo.

"Mukulemba za yani, mayi? Lembani zanga. Anthu adziwe kumene kunatsala mapapo angawa."

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu, ankandiuza pang'onopang'ono mmene mabotolo amapangidwira, ine n'kumalemba. Botolo ndi mchenga, anatero. Mchenga woyera, wotsukidwa, amausakaniza ndi laimu, ufa wina wotchedwa soda, ndi magalasi oswekasweka. Zaka zoyamba ntchito yawo inali yotapa zimenezi ndi fosholo, ndipo fumbi lake ndi limene linawakhala pachifuwa. Zonsezo zimalowa m'ng'anjo yosazima, ngakhale pa Khirisimasi, mpaka mchenga usungunuke n'kumayenda ngati uchi wofiira. Chitsulo chimadula chibulumwa, chibulumwacho n'kugwera m'chikombole, kenaka mpweya wa makina umauzira m'kati monga ana amauzirira chikhodzodzo cha nkhumba. Chikombole chikatseguka, botolo laima, lofiira psuu.

Pambuyo pake anawaika pa ntchito yonyamula mabotolo otenthawo pa foloko yaitali, kuthamanga nawo ku uvuni wina wautali kumene amazizira pang'onopang'ono. Lozizira msanga limasweka lokha. Lopindika amaliphwanya n'kulibwezera m'ng'anjo. Ili lathuli linayenera kuphwanyidwa, koma atate anapempha kapitawo, iye n'kuyang'ana kumbali.

Atate atafooka, chikho chinkawatayikira m'manja, choncho ankamwera madzi m'botololo. Ine ndinkalitsuka ndi timiyala ndi phulusa m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Anamwalira mwezi wotentha, mitambo itayamba kusonkhana. Akazi atayamba kulira, ndinatenga botololo pambali pa mphasa n'kukalikwirira m'nkhokwe ya mtedza. Palibe anandiona. Ndinali mwana amene anthu sankamuona kawirikawiri.

Akatekisiti anapemphera, koma katundu wa womwalira anali m'manja mwa abale ake. Kwathu, chiwiya chimene wodwala ankadyera kapena kumwera chimaswedwa pamanda, kuti mwini wake asabwerere kudzachifuna. Mbale anaiboola, chikho anachiswa. Botolo linasowa.

"Kumeta kulibe mpaka botolo lioneke," anatero azakhali.

Sindinadziwe kuti zingafike pamenepo. Maliro akapanda kumetedwa, wamasiye samasuka. Amayi sakanatha kusamba, kapena kugwira khasu. Ankakhala pansi m'nyumba ndi nsalu yomweyo ya tsiku la maliro. Tsiku lachitatu mvula yoyamba inagwa, ndipo mudzi wonse unatuluka kukabzala, kupatula ife.

"Mlamu, nenani zoona," azakhali anatero ataima pakhomo. "Mukufuna mukaligulitse kwa amwenye? Kapena mwasungira mwamuna wina womweramo?"

"Alamu, ndadikira alongo anu zaka khumi. Ndingalephere kukupatsani botolo?"

"Nanga lamera miyendo?"

Ine ndinali pomwepo, ndikusenda nyemba, ndipo ndinangopitiriza kusenda. Madzulo ndinalemba m'kope kuti ndine ndinatenga, ngati kuti kulemba n'kuulula. Ndinalembanso chifukwa chake: chinali chinthu chokhacho chimene atate ndi ine tinkachigwira tonse awiri. Koma amayi sankadziwa kuwerenga.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pafupi ndi chitseko, akuyang'ana akazi anzawo akudutsa ndi makasu ndi mbewu m'malichero. Mbewu yathu inali ikadali padenga. Anatenga kadothi konyowa ka pakhomo n'kumakafinya m'zala. Ndinapita kunkhokwe, ndinafukula botololo, ndinalipukuta ndi diresi langa la sukulu, ndipo ndinakagwada nalo pamaso pa azakhali. Ndinayembekeza kukalipiridwa. Iwo analiyang'ana, kenaka anayang'ana ine nthawi yaitali.

"Iwe mwana," anatero motsitsa mawu, "ukanangonena. Inenso ndi mlongo wanga, ukudziwa?"

Anandilola kulinyamula mpaka pamalire a msitu wa manda. Ana salowamo, choncho ndinawapatsa pamenepo, iwo n'kulowa ndi amuna awiri ndi khasu. Ndinaima panjira. Ndinamva kugunda koyamba, kenaka kwachiwiri, botolo osasweka. Mmodzi wa amunawo ananena kanthu, wina n'kuseka pang'ono. Kachitatu linalira mawu aang'ono kwambiri, ocheperapo kuposa mmene ndinkaganizira.

Tsiku lomwelo anatimeta tonse. Amayi anakasamba kudambo, ndipo atabwerako anatsitsa mbewu padenga. Sanandifunse kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangonena kuti mawa ndisapite kusukulu. Tinabzala awiriwiri, iwo akukumba mapando, ine ndikuponya mbewu pambuyo pawo, titachedwa masiku awiri, mitu yathu ili mbee padzuwa.