Achimwene alowa ndende chifukwa cholima munda wa aphunzitsi

Achimwene anga ali kundende lero chifukwa chomvera. Sanathawe. Sanamenye munthu. Anamvera munthu amene khoti lenilenilo linati azimumvera, basi.

Ine ndimagulitsa tomato pa Namitambo, ndipo zolembalemba pano si khalidwe langa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mtima ukundiwawa, ndiye mundimvere mpaka ndimalize.

Achimwene angawo ndi a Lenadi. Anawagwira ndi matumba a makala panjinga opanda chilolezo. Kukhoti sanavute, anavomera. Woweruza anati popeza kanali koyamba, asapite kundende, koma azikagwira ntchito yaulere m'mawa uliwonse pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi kwathu. Anawachenjezanso kuti akadzajomba adzalowa ndende. Tinathokoza Mulungu. Alamu anga, akazi a achimwenewo, omwe ndi oyembekezera, anagwetsa misozi ya chimwemwe pakhonde la khoti pomwepo.

Kusukuluko anawapereka m'manja mwa aphunzitsi ena kuti aziwayang'anira. Poyamba zinkayenda bwino. Ankasesa, kukonza zimbudzi, kuwaza nkhuni zophikira phala la ana. Kenako aphunzitsi aja anaona kuti munthuyu ntchito imamukhala, ndipo mvula yayandikira.

"A Lenadi," anatero, "pano ntchito yachepa. Mawa mukayambire kumunda kwanga kutsidya kwa mtsinje kuja, mukandigalauzire. Musadandaule, kulikonse n'chimodzimodzi. Amene ndimakuyang'anirani ndine."

Achimwene atandiuza, ndinati kanani. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Achemwali, munthu amene wagwira ufulu wako ungamukane bwanji? Akangonena kuti ndikuvuta, ndiye kuti ndapita."

Ndiye analima. M'mawa uliwonse ankadzuka n'kupita kukagalauza munda wa eni, wawo uli chigonere. Sanalandire ngakhale chinangwa chootcha. Ankangoti chilango n'chilango, chidzatha.

Tsiku lina Lachiwiri, mkulu wa kukhoti amene amayendera anthu a chilango chotere anatulukira pasukulupo pa njinga yamoto, osachenjeza. Anafunsa kuti a Lenadi ali kuti. Mukuganiza aphunzitsi athu anayankha chiyani? Akuti munthuyo watha masabata awiri osaoneka, ndipo iwo amaganiza zoti aimbe foni tsiku lomwelo. Nthawi imene ankanena zimenezi, achimwene anali atawerama m'munda mwawo, thukuta kamukamu. Munthu anaopa kuti ntchito imuthera, n'kuona kuti bola aponye mnzake pamoto.

Kutacha apolisi anafika pakhomo. Anawanyamula.

Tsiku la mlandu sindinapite ndekha. Ndinatenga aNambewe ndi Abiti Juma, amayi awiri amene minda yawo inachita malire ndi munda wa aphunzitsiwo. Iwowa ankawaona achimwene tsiku ndi tsiku, mpaka kumagawana nawo madzi akumwa. Anasiya ntchito zawo n'kunditsatira, osafuna kanthu.

Anatiuza kuti tifike 8 koloko. Tinafika isanakwane. Ndinapita pazenera la akalaliki kukanena kuti ndabwera ndi mboni. Bambowo maso anali pafoni. Ndinapereka moni, zii. Ndinaperekanso wina, ndiye anadzutsa mutu pang'ono.

"Mboni za chiyani? Mlandu uwu suvuta, ndi wongotsimikiza kuti munthu anajomba. Kakhaleni pabenchi, akaitana dzina mumva."

Ndinati bambo, nkhani yake ndi yomweyo, munthuyo sanajombe. Anandiuza kuti zimenezo ndikanene mkati. Ndinafunsa kuti mkatimo ndikanena nthawi yanji, nanga kwa ndani. Anatseka zenera.

Tinakhala pabenchi lija mpaka dzuwa kufika paliwombo. Palibe anabwera kudzatiuza chifukwa chake. Abiti Juma anatha mtedza wonse umene anamanga pansalu. Woweruza atalowa, anayamba ndi mlandu wa mnyamata wina wofanana ndi wathu. Ameneyo anathawadi ntchito yake, n'kukakhala ku Limbe mwezi wathunthu, ndipo sanakane. Koma anabwera ndi loya wovala suti. Loyayo analankhula Chizungu mpaka ife tinayamba kusinza, woweruza akugwedeza mutu. Mapeto ake mnyamatayo anangochenjezedwa kuti asadzayambirenso, abwerere kukamaliza ntchito yake. Sindikumuchitira nsanje mwana wa eni. Kunena zoona mtima wanga unakhala pansi. Ndinatsina aNambewe n'kuwanong'oneza kuti ngati wothawa weniweni akumubweza, wathu lero tikagona naye kumudzi.

Anaitana a Lenadi. Anaimirira atavala malaya omwe anawagwira nawo aja. Wapolisi woimira boma anawerenga zimene aphunzitsi ananena. Aphunzitsi eni akewo m'khotimo munalibe. Akuti anali otanganidwa ndi mayeso a ana.

Woweruza anafunsa, "Tsiku limene anabwera oyendera, kusukulu munaliko kapena ayi?"

Achimwene anati, "Kusukulu kunalibe ine bwana, chifukwa aphunzitsi anandi..."

"Yankhani zimene ndafunsa. Munaliko?"

"Ayi bwana."

"Masabata awiri amenewo munagwirako ntchito pasukulupo?"

"Ayi bwana, koma..."

Wapolisi uja anaimirira n'kunena kuti wolakwa wavomera yekha. Ine ndinadzuka n'kukweza dzanja ngati mwana wasukulu. Ndinati pepani bwana, pali amayi awiri pano amene anaona kumene munthuyu anali. Wapolisi wina wapakhomo anandiloza ndi chala.

"Mayi inu, pano si pamsika. Khalani pansi kapena mutuluke."

Ndinakhala pansi, chifukwa ndinaopa kuti ndiwaonjezera mavuto achimwene. Ndipo chigamulo chinagwa: miyezi sikisi kundende. Kasitomala wonenerera mulu umodzi wa tomato amanditengera nthawi yaitali kuposa imene khotilo linatha pa moyo wa achimwene anga.

Powatulutsa anangokwanitsa kundiuza mawu ochepa. "Achemwali, muwayang'anire alamu anu. Munda wathu uja musausiye." Sanalire. Ndinalira ndine.

Sindinabwerere kumudzi nthawi yomweyo. Ndinasaka ofesi ya mkulu woyendera uja mpaka ndinaipeza. Ndinamufotokozera zonse, amayi awiri aja ataima kumbuyo kwanga. Anamvetsera akusewera ndi makiyi a njinga yake. Nditamaliza anandiuza kuti iwo amakhulupirira anthu amene anawasankha kuti aziyang'anira, ndipo wachibale aliyense amanena kuti wake ndi wosalakwa. Ndinati tiyeni mukaone munda, mizere ilipo, siinadzilime yokha. Anati mafuta a njinga palibe. Mafuta okagwirira munthu analipo, okaonera chilungamo ndiye atha? Anati ngati sindinakhutire ndichite apilo, akalaliki andiuza kachitidwe kake. Ndinabwerera pazenera lija. Akalaliki anali ataweruka.

Ndiye ndikufunsa, ndipo ndikufuna mayankho. Woyang'anira munthu wachilango amamuyang'anira ndani? Munthu anganene bodza lotsekeretsa mnzake, osabwera n'komwe kukhoti kudzaliimira pamaso pa amene akumunamizirayo? Kodi mawu oti "koma" amaloledwa okhaokha akatuluka m'kamwa mwa loya? Ife opanda suti tizikanena kuti zathu?

Ndikuchenjezeni inu amene m'bale wanu akugwira chilango chotere, kaya kusukulu, kaya kuchipatala. Asadzayerekeze kutuluka pamalo amene khoti linanena, ngakhale womutumayo atamwetulira bwanji. Akamutuma kumunda, kukaumba njerwa, kukatunga madzi a kunyumba kwa bwana, akane pamaso pa anthu. Zinthu zikadzavuta, womutumayo sadzamudziwa.

Panopa mvula yoyamba yagwa. Munda wa aphunzitsi wadzalidwa kale, mizere yake yowongoka bwinobwino. Wa achimwene tikulimbana nawo ine ndi alamu anga, munthu woti mwezi wake wayandikira. Amalima mizere iwiri, n'kukhala pansi kupuma. Mwana ameneyu abadwa bambo ake ali kundende.

Ndinkafuna ndingoiyendetsa nkhaniyi mwakachetechete. Chandilembetsa ndi cha dzulo. Ndili pabenchi langa pamsika, ndinangoona akazi a aphunzitsi aja akubwera. Ndinati mwina chikumbumtima chawagwira, abwera kudzapepesa. Anandipatsa moni bwinobwino, anafunsa za alamu, anagwiragwira tomato. Kenako anatsitsa mawu.

"Abambo akunyumba akuti khasu lathu lija a Lenadi anapita nalo kwawo. Mutibwezere, tikufuna tiyambe kupalira."

Ndinaseka mpaka anzanga a pamsika anatembenuka. Ndinawafunsa mokweza kuti aliyense amve: khasu lanu linafika bwanji m'manja mwa munthu amene amuna anu akuti sanamuone masabata awiri? Mayiwo anasiya tomato n'kumapita, osatsanzika.

Madzulo ndinapita kwa alamu kukaliyang'ana. Linali kuseri kwa chitseko. Pampini pake aphunzitsi anaotcherapo dzina lawo ndi chitsulo chamoto, kuopa akuba.

Aphunzitsi, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani zimenezi. Khasu lanu lili kwa ine, ndipo sindikubisa. Lolemba m'mawa ndikulinyamula paphewa, aNambewe mbali iyi, Abiti Juma mbali inayo, ulendo wa kukhoti kukachita apilo. Akalaliki akatseka zenera, tikhala pomwepo mpaka alitsekule. Mlandu suola. Ngati mukulifuna khasulo, mudzalitengere kumeneko, pamaso pa woweruza, ndipo mudzanene nokha kuti ndi lanu.