Zimbale Zimene Ndinaopsezera Mpheta

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamva koyamba kuti chimbale cha filimu chimatha kukhala chodula kuposa nkhuku. Amene anandiuza zimenezi ndi aphunzitsi a Mhango, munthu wa ku Rumphi amene boma linamuponya kwathu ku Chiringa kudzaphunzitsa Sitandade 7. Sanandinamize. Koma ine ndinamva mbali imodzi yokha ya nkhaniyo, ndipo mbali inayo ndinakaiphunzira m'matope, nditawononga kale.

Bambo anga anali ndi vidiyo kuseri kwa msika, kanyumba ka mphasa ndi mapepala akuda. Anthu ankalipira pakhomo n'kukhala pamabenchi, jenereta ikulira panja. Mafilimu ake anali a Chingerezi ndi Chitchaina, zilankhulo zimene ngakhale bambowo sankazimva kwenikweni, koma zimenezo sizinkawaletsa. Ankakhala pambali pa sikirini, maikolofoni m'manja, n'kumaikira anthu a m'filimumo mawu awoawo. Msilikali akaloza mnzake mfuti, bambo ankati akufunsa amene wadya kalongonda wake. Mkazi wa m'filimu akayamba kulira, ankamuliritsa m'Chilomwe. Anthu ankaseka mpaka ena kugwa pabenchi. Ine sankandilola kulowa, ati mwana wamkazi sakhala pakati pa anyamata a pamsika, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkaima panja, khutu nditaligunditsa kumphasa. Mafilimu a bambo anga ndinkawadziwa ndi makutu okha.

Kenako bambo anagulitsa sikirini, deki ndi jenereta kuti apeze thiransipoti ya ku Joni. Miyezi yoyamba ankaimba pafoni ya oyandikana nawo. Kenako foni inaleka kulira. Patapita chaka ndi miyezi, munthu wina wa ku Migowi anabwera kudzanena kuti bambo anadwala n'kumwalira, ndipo anaikidwa komweko. Tinalira maliro opanda bokosi. Chimene chinatsala cha iwo ndi katoni ya zimbale pansi pa bedi, m'nyumba yopanda magetsi, momwe munalibe choziwonera.

Ndinabadwa ndekha. Kwawo kwa mayi ndi ku Nkhulambe, koma tinatsala ku Chiringa chifukwa cha kamunda ka mpunga kamene bambo anatisiyira kudambo. Mayi, amene kale ankaseka mpaka kutsokomola, anasanduka munthu wa mawu owerengeka. Tinkadya moyang'anizana ngati anthu ongokumana m'basi. Ndinkawasowa bambo, koma ndinkawasowanso mayi amene anali pomwepo.

Aphunzitsi a Mhango anafika Loweruka lina m'mwezi wa Epulo, mpunga utayamba kucha. Anali atamva za katoniyo. Iwonso ankakhala okha m'nyumba ya sukulu, banja lili kwawo, ndipo ana asukulu tinkati anakwatira mafilimu. Mayi anayala mphasa pakhonde, ine ndinakoka katoni ija.

Sindinaonepo munthu akugwira chinthu mwaulemu chonchija. Chimbale chilichonse ankachigwira m'mbali ndi nsonga za zala, n'kuchipendeketsa padzuwa ngati akuyeza dzira. Pang'onopang'ono pamphasa panakhala milu iwiri, waung'ono ndi waukulu.

"Izi ndi za olijino, mayi," anatero akuloza mulu waung'ono. "Onani, chili ndi kabokosi kake, kapepala kake kali m'kati, ndipo sichinakalike. Ichi ndiye sichinatsegulidwe n'komwe. Zimenezi anasiya kupanga. Ndili ndi mnzanga ku Blantyre amene amazifuna, amagulitsa kwa anthu osunga mafilimu akale. Chinthu chikasowa, mtengo umakwera."

"Nanga zinazi?" mayi anafunsa.

"Izi ndi zokopera. Aliyense amene ali ndi kompyuta angathe kupanga zana pa tsiku."

Za olijino zinapezeka zisanu ndi ziwiri zokha, koma ndalama zimene anapereka zinakwana thumba la chimanga n'kutsalako. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Chimbale chosatsegulacho, chimene palibe ndi mmodzi yemwe amene anachionerapo, ndicho chinaposa zonse.

Aphunzitsi akumanga katundu wawo, mayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kanthu kokulunga pampango. Munali chimbale china chopanda kabokosi, cholembedwa ndi maka wabuluu, zilembo zitayamba kufufutika.

"Nanga ichi, aphunzitsi?"

Anachitembenuza kamodzi kokha. "Chokopera ichi, mayi. Zoterezi zili paliponse, chilibe mtengo." Anachiika pamulu waukulu uja.

Mayi anatsegula pakamwa, kenako anatsekanso. Ndinaona ndithu, ndipo ndinaganiza kuti achita manyazi poonetsa mlendo chinthu chachabe. Njinga ya aphunzitsi isanakhote n'komwe, inatulukira njinga ina ndi uthenga wakuti azakhali awo a mayi amwalira ku Nkhulambe. Mayi anangotenga chitenje n'kukwera pakaliyala. Anandiuza kuti ndilowetse zinthu m'nyumba, ndizigona kwa oyandikana nawo, ndipo mpunga ndisausiye ngakhale tsiku limodzi.

Amene sanaingitsepo mbalame m'munda wa mpunga sadziwa kutalika kwa tsiku. Umafika mame asanaume, umachoka dzuwa likulowa, ndipo pakati ponsepo ntchito yako ndi kukuwa. Minda ina inali ndi ana atatu kapena anayi, wina uku wina uko, akuitanizana ndi kuimba. Ine ndinali ndekha ndi chitini cha miyala. Ndikathamangira kumtunda, mpheta zinkatera kumunsi. Ndikabwerera kumunsi, zili kumtunda. Phiri la Michesi linkangondiyang'ana. Pofika Lamulungu madzulo mawu anali atandithera, ndipo ndinalira ndi mkwiyo, chifukwa mpungawo ndiwo unali chakudya chathu, sopo wathu ndi yunifolomu yanga.

Lolemba m'mawa, ndikukankhira katoni pansi pa bedi, kuwala kolowera pazenera kunagunda chimbale chimodzi n'kundithobwa m'maso. Nzeru inabwera pomwepo, ndipo ndinadziona wochenjera kuposa ana onse a m'dambomo. Aphunzitsi anali atanena okha kuti zimenezi zilibe mtengo. Ndinazithira zonse mudengu, ndinadula nsungwi, ndinasenda luzi. Chimbale chimabwera ndi bowo kale, ngati anachipangira ntchito yomweyo.

Zinagwira ntchito, zimenezo sindingakane. Mphepo ikaomba zimbale zinkazungulira, munda wonse n'kumang'anima, mpheta n'kumakhotera kwa eni ana anayi aja. Kwa nthawi yoyamba ana a minda ina anabwera kwa ine. Anapempha, ndinawagawira ziwiriziwiri, ndipo tsiku limenelo ndinadya chinangwa ndi anzanga. Zotsalazo zinakhala padzuwa masiku asanu, zikukhulana ndi nsungwi. Lachinayi kunagwa kamvula.

Mayi anabwera Lachisanu masana, molunjika kumunda, atanyamula mbatata yophika m'kambale. Ndinawathamangira kuti aone nzeru zanga. Anaima pamzere wa munda, akuyang'ana kung'animako. Kenako anaika kambale pansi n'kulowa m'matope osakwinya n'komwe chitenje. Ankapita pa nsungwi iliyonse, kugwira chimbale, kuchitembenuza, kuchisiya. Mayi sankatha kuwerenga, ankangofuna buluu uja. Anachipeza kumapeto, pafupi ndi ngalande. Anamasula luzi ndi mano, n'kukhala pansi pomwepo.

Ndinayembekezera mbama. Poti inkachedwa, ndinayamba kudziteteza ndekha.

"Aphunzitsi anati zilibe mtengo."

"Eya, anatero."

Anachipukuta ndi nsonga ya chitenje. Kunsi kwake kunali mizeremizere, ndipo m'mbali chinali chitayamba kusupuka.

"Edina, muli bambo ako umu."

Anandifotokozera ali chiyang'anire chimbalecho. Asanaganize za ku Joni, bambo anapita ku Limbe kwa munthu wina wa kompyuta, n'kujambulitsa mawu awo pafilimu yathunthu, kuti mwina azigulitsa ngati mmene ena ankachitira. Anapanga zimbale zitatu. Ziwiri anazisiya kwa ogulitsa kuti ayese, koma iwo anati kalankhulidwe kake n'ka Chilomwe kwambiri, anthu a m'tauni sangagule. Chachitatu anabwera nacho n'kupatsa mayi. Deki inagulitsidwa mayi asanachimvere.

"Ndiye munkafuna kuchigulitsa?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndinkafuna anene kuti tiyeni tichiyese. Ali ndi makina kunyumba kwawo kuja. Koma ine mkazi wamasiye ndingayambe bwanji kupempha kulowa m'nyumba ya mwamuna wokhala yekha? Anthu a pano ukuwadziwa."

Sanandimenye, sanandikalipire. Tinadya mbatata ija, mpheta zikutera mmene zikufunira. Ndikanakonda akanandimenya.

Loweruka ndinapempha mwana wa munda woyandikana kuti andiyang'anireko, ine ndinatenga chimbale chija n'kupita kunyumba ya aphunzitsi. Ndinawapeza akuchapa malaya. Sindinafotokoze zambiri, ndinangoti ndikupempha achiyese. Atachiona anapukusa mutu, koma anachipaka mankhwala otsukira mano, anachitsuka, n'kuchipukuta ndi kansalu kofewa. Makina awo anali aang'ono, otsegula ngati buku, oyendera batire ya sola. Anawaika pampando pakhonde.

Chimbale chinalira kwa nthawi, ngati chikukana. Kenako panaoneka msewu wafumbi, ndi munthu akubwera chapatali atanyamula chikwama. Ndipo bambo anga anayankhula.

"Takulandirani nonse, khalani pansi, a kumbuyo musakankhane. Amene mwabwera ndi mtedza, gawirani anzanu. Tsono muoneni bwino munthu akubwera apoyu, chifukwa munthu ameneyu..."

Chithunzi chinaima. Munthu uja anauma mwendo uli m'mwamba. Aphunzitsi anatulutsa chimbale, anapukutanso, anabwezeramo. Chinaima pomwepo. Kachitatu, pomwepo.

"Ndi ndani akuyankhulayu?" anafunsa.

"Bambo anga."

Anachitulutsa n'kuyang'ana zilembo zabuluu zija, manja ali ndi thovu la sopo m'zigongono. Anafunsa kuti zinapangidwa zingati, ndipo nditawauza anavula magalasi.

"Mwana wanga, ndinalakwa. Pa zonse zija, chosowa chinali chimenechi. Ine ndinangoyang'ana kunja."

Tsiku lotsatira, anthu akuweruka kutchalitchi, ananyamula makinawo okha n'kubwera nawo kwathu. Anawaika pakhonde, poyera, pamene aliyense wodutsa akanatha kuona, iwo n'kukaima kumsewu ngati akukonza tcheni cha njinga. Mayi anamvera atagwira pakamwa. Pa mawu a mtedza aja anaseka, kuseka kwawo kwakale kotsokomola, koyamba chichokereni bambo. Chithunzi chitaima anadikirabe, maso ali pa munthu wa chikwama uja. Kenako anati, "Bwezeranso." Ndinabwezera kasanu, mpaka batire inatha.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala ku Limbe. Mafilimu anasamukira m'mafoni, ndipo mwana wanga wamkulu anandionetsa tsiku lina kuti kunja kuli anthu amene amalimbirana zimbale za olijino pamitengo yoti munthu n'kugula njinga yamoto. Sindinadabwe. Aphunzitsi a Mhango ankaidziwa ntchito yawo, ndipo thumba la chimanga lija linatifikitsa pokolola. Sindiwasungira mangawa.

Chimene ndimadziimba nacho mlandu ndi china. Ndinaona mayi akutulutsa chinthu pampango. Ndinaona akutsegula pakamwa n'kutsekanso. Munthu sakulunga chinthu chachabe pampango, ngakhale mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amadziwa zimenezo. Koma poti wophunzira wovala magalasi anali atatchula mtengo, ndinakhulupirira iyeyo n'kusiya nkhope ya mayi anga. Wogula amadziwa zimene iye angapereke, basi. Zimene mwini wake angataye, uyenera kumufunsa mwini wakeyo, ndipo m'nyumba mwathu muja tinali titasiya kufunsana.

Mayi anamwalira zaka zinayi zapitazo. Chimbale chija chili kwa ine, pampango womwewo, ngakhale tsopano sichiyamba n'komwe. Mumsika mukadali anthu awiri kapena atatu amene amayala zimbale zakale pansi, pafupi ndi ogulitsa maloko ndi mawaya. Ndikamadutsa ndimanjuta. Iwo amathamangira kundionetsa za m'timabokosi, ati izi ndiye zenizeni, mayi. Ine ndimazikankhira pambali n'kuyamba kutembenuza zokalikakalika zija chimodzichimodzi, kufunafuna maka wabuluu. Amandiyang'ana ngati wozungulira mutu, ndipo ena amandipatsa ulere.

Ziwiri zija zinatsala m'tauni muno. Mwina zinatayidwa kalekale, mwina zikulendewera m'munda wa munthu wina. Koma ndimayang'anabe, chifukwa bambo anga anandiuza kuti ndimuone bwino munthu akubwera uja, ndipo mpaka lero sanamalize kundiuza chifukwa chake.