Khomo Lalifupi la Bala ya Kungalande

Malemu amuna anga anali mzungu wa konkuno ku Leicester, wamtali ngati mlongoti, ndipo chimene ankachikonda kuposa mpira chinali bala ina yakalekale ya m'mphepete mwa ngalande, kunja kwa tawuni. Mowa sankaukonda kwenikweni, ankakonda nyumbayo. Loweruka tikanyamuka kwathu ku Evington, ankandionetsa zomwezomwezo ngati ndine mlendo: njerwa zofiira zodetsedwa ndi utsi wa malasha, miyala ya pansi yokumbika ndi nsapato za anthu oyendetsa mabwato, ndi chipinda chakumbuyo chimene kale chinali khola la mahatchi okoka mabwatowo. Agogo a amuna anga ankamwera mu bala momwemo.

Khomo lake ndi lalifupi, kaya anthu akale anali afupiafupi kaya njerwa zinawathera. Amuna anga ankawerama polowa, n'kuika dzanja pamutu panga kuti ndisagunde mtanda. Ine wake, wamfupi ngati mtondo. Ndinkawaseka kuti ngakhale nditadumpha mtandawo sindingaufike, koma dzanjalo silinkaphonya.

Atamwalira, alamu anga, mchemwali wawo, anati tikachoka kumanda anthu akasonkhane ku bala komweko, monga amachitira kuno. Ndinavomera chifukwa mutu sunkagwira. Titafika ndinapeza anthu ataimirira, matambula ali m'manja, akudya masangweji n'kumaseka nkhani za malemuwo. Sankalakwa, kulira kwawo n'komweko. Koma ine ndinalibe poti ndilirire. Aliyense ankandiyamikira kuti ndine wolimba mtima, mawu amene anandipsetsa mtima koopsa.

Kenaka analowa amayi a kutchalitchi kwathu ochokera ku Highfields, atamanga zitenje pamwamba pa majekete. Ambiri mwa iwo anali asanapondemo mu bala chibadwire. Anayang'ana uku ndi uku, mphasa osaiona, n'kungokhala pansi pa miyala yozizirayo, miyendo atatambasula, pakati pa matebulo.

Wamkulu wawo anandikoka dzanja. "Mwana wanga, khala pansi apa. Za be strong zo ndi zawo, iwe lira."

Mayi woyendetsa balayo anangotsegula chipinda cha khola chija n'kutulutsa mipando. M'menemo, pansi pa zitsulo zimene ankamangirirapo mahatchi, ndinalira mokweza mpaka mawu anasasa, amayi aja akuimba. Alamu anga anabwera, anavula nsapato zawo zazitali, n'kukhala pansi pambali panga.

Dzuwa litapendeka tinanyamuka. Nditafika pakhomo lija ndinaima, anthu akudikira kumbuyo kwanga. Sindinadziwe chimene ndaimira mpaka mphepo ya kungalande itandiwomba pamutu. Ndinkadikira dzanja lija. Ndinadutsa ndekha, mtanda uli patali pamwamba monga unalili kale lonse, ndipo sindinabwererekonso.