Dzenje la Timareta

Mlamu wanga Timareta ndiye ankatsika m'dzenje la Demeta, mulungu wathu wamkazi wa zokolola, ntchito imene palibe ankaisirira. Nyengo yodzala ikayandikira, akazi tokhatokha tinkakwera phiri, amuna n'kutsala akupsereza mphodza kunyumba. M'dzenjemo tinkakhala titaponyamo kale tiana ta nkhumba, ndiye wotsikayo ankakatola zowolazo kuti tisakanize ndi mbewu ya balere. Mwambo wake umati uziomba m'manja potsika, njoka zipatuke.

Timareta ankaomba mpaka phiri kuyankha. Koma chaka chimene kamtsikana kake Filina kanamwalira ndi chifuwa, anatsika mwakachetechete, ndipo anachedwa mpaka tinayamba kugwedeza chingwe chimene tinamutsitsira.

"Mwapezamo mwamuna eti?" anamuseka Doriko, mkazi wa woumba mbiya. "Wakunyumba uja mwatopa naye?"

Timareta sanaseke. Pobwerera anandinong'oneza kuti, "Mlamu, alimo. Amaopa phokoso mwana uja."

Zinandikwiyitsa. "Demeta mwiniwake analira mpaka minda kuuma mwana wake atatengedwera kudziko la akufa, koma amangomubwereka miyezi yochepa pachaka. Nanga inu ndani?"

"Ine kamodzi pachaka kandikwanira."

Anakhala choncho zaka zambiri, mkazi wosalankhulalankhula, wopeta balere bwino kuposa tonsefe. Ankatuluka m'dzenjemo akununkha koopsa, nkhope ili ngwee ngati wochokera kocheza. Kenako mawondo anamukana. Chaka china balere anabereka mwaulesi, akazi n'kuyamba kung'ung'udza kuti kusaomba kwake ndiko kwalakwitsa. Anasankha ine.

Timareta sanatsutse, anangopempha kugwira chingwe. Pondimanga m'chiuno anati, "Musaombe, mlamu, chonde."

Sindinaombe. Pansipo panali mdima wa ndiweyani, fungo lotseka kukhosi, ndipo china chozizira chinadutsa pa phazi langa. Ndikutolera zowola zija m'dengu ndinamva kachifuwa kamene ndinkakadziwa bwino.

"Amayi?"

Dengu linatsala pang'ono kugwa. "Ndi azakhali ako, mwanawe."

Kenako mawu aja anafunsa kuti, "Abwera liti?"

Nditatuluka, Timareta anandikokera kuseri kwa guwa. "Wati chiyani?" Ndinamuuza. Anagwedeza mutu, n'kundipukuta matope kumaso ndi nsalu yake.

Chaka chilichonse funso linali lomwelo, mawu osakula ngakhale pang'ono. Ndinkadana nayo nyengo yodzala. Ana anga ankakwatiwa, uyu akufunsabe za amayi ake mumdima, ndipo ine ndinkangomuyankha kuti, "Dikira."

Timareta anamwalira nthawi yokolola, dzuwa likuswa mtengo, atakhala pamthunzi wa mkuyu lichero lili pamiyendo. Itafika nyengo yodzala ndinatsika mtima uli m'mwamba, ndikukonza mawu oti ndikamuuze mwanayo. Ndinadzaza dengu, n'kuima. Ndinadikira mpaka chingwe chinayamba kugwedezeka.

"Filina?" ndinaitana.

Palibe anafunsa kanthu.