Tsiku Lomwe Tinaika Amai a Tisa

Ndinadzuka kusanache, nyimbo za azimai a mpingo zitayamba kuzilala. Kunali chisanu. Pobwela kotunga madzi ndinapeza moto utayaka kale kuseli kwa nyumba.

Tinali kuika amai aang'ono, mng'ono wa amai anga. Chotupa chinayamba pansi pa khutu, tonse n'kumati ndi matsagwidi. Pomwe ankafika kuchipatala ku Lusaka, mbali imodzi ya nkhope inali itauma. Madokotala anati ndi khansa ya pamene pamapangidwa malovu, yosowa koma yothamanga. Sanathe chaka.

Dzuwa litakwela anthu anachuluka, ena panjinga kuchokela ku Kaumbwe, abale a kuchimuna palole kuchokela ku Nyimba. Tisa, mwana wa malemu wa zaka zinayi, anamukhazika yekha pamphasa ndi mbale yakeyake. Panalibe wofuna kumutenga. Akuchimuna ankati matendawa ali m'magazi a kwathu. Atate anga ankaopa kuti amayenda ndi malovu, angalowe m'nyumba mwathu.

Tisananyamuke, amalume anandiitana kuti ndimasulile kalata ya dokotala, popeza ndili giledi 11. Inati m'thupi muli malangizo ouza tizigawo take mmene tikulile, ndipo kwa malemu anasokonekela pamalo amodzi pokha. Matendawa sapatsilana, ndipo kawilikawili sapita kwa ana. Koma kusukulu tinaphunzila kuti malangizo amenewo timatengela kwa makolo. Nanga anasokonekela kuti, liti?

"Iwe, tiuze chimodzi," anatelo amalume. "Zili mwa ife kapena ayi?"

"Alemba kuti kawilikawili ayi, amalume."

"Kawilikawili! Sukulu yonseyi, yankho n'lomwelo?"

Anthu ena anaseka, ena anang'ung'udza. Kenaka bokosi linatuluka. Tinadutsa m'minda yokolola kale, mphepo ikutithila fumbi m'maso. Kumanda sindinalile bwino. Ndinkangogwilagwila pansi pa khutu langa.

Madzulo akuchimuna anapita palole osanena kanthu za mwana. M'nyumba munali zii. Ndinaganiza kuti Lolemba ndikafunsa aphunzitsi a sayansi, mwina iwo akadziwa. Amai sanadikile zimenezo. Anamunyamula Tisa, ndipo mwanayo anagona pamiyendo pawo, dovu likutsikila pachitenje. Atate analiyang'ana dovulo nthawi yaitali. Kenaka anavula jekete lawo n'kumufunda.