Ndinayanika Timaso ta Mfuti Padzuwa

Timadontho tolozera chandamale pa kamfuti kanga ka m'manja, timene timawala mumdima, tinayamba kuzilala. Ine wokulira pa nyale za sola ku Dedza ndinati vuto ndi chaji. Ndinatimasula n'kutiyanika pawindo kwathu ku North York, ku Canada, pafupi ndi tsabola wa mkazi wanga.

Kukalabu yowombera ndinauza a Tembo, mnzanga wa ku Chipata, kuti tsopano tikuwala ngati maso a mphaka. Bodza lenileni, ndinali ndisanayang'ane n'komwe.

Nditawapatsa timadonthoto, a Tembo anatifumbata m'manja n'kusuzumiramo. Mdima bii.

"Achimwene, utu situdya dzuwa. Tukatha twatha, gulani twina."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Ndinagula tatsopano, koma mpaka lero kukacha bwino mkazi wanga amandigwedeza: "Bambo a Tadala, dzuwa latuluka. Lero simuyanika?"